Mtovu wa ku Kabwe ndi anthu a kum'mawa kwa Zambia

Mtovu ndi chitsulo chotuwa, cholemera kuposa chitsulo cha khasu, koma chofewa moti chikhadabo chimatha kuchikanda. Umasungunuka pa madigiri 327, kutentha kumene mbaula ya makala imafikira popanda mvukuto. Suchita dzimbiri msanga, ndipo ukasungunuka umalowa bwino m'chikombole chilichonse. N'chifukwa chake opanga zipolopolo, mapaipi, utoto ndi mabatire akhala akuufuna. N'chifukwa chakenso uli woopsa, pakuti chinthu chosavuta kusungunula aliyense amachisungunula, ngakhale pabwalo pamene ana akusewera. M'thupi la munthu mtovu ulibe ntchito ngakhale imodzi. Ukalowa umakhazikika m'magazi ndi m'mafupa, n'kumawononga ubongo wa mwana pang'onopang'ono.

Kudera la Mkaika, likulu la Kalonga Gawa Undi m'boma la Katete, ngakhalenso ku Sinda ndi ku Vubwi, sikunamangidwepo ng'anjo yaikulu yoyengera mtovu. M'Zambia yense malo otere anali ku Kabwe, mtunda wa makilomita oposa 600 pamsewu wodzera ku Lusaka. Komabe anthu a kum'mawa ali m'kati mwa mbiriyi kuyambira pachiyambi. Anaudziwa mtovu ngati chipolopolo mgodi wa ku Kabwe usanatsegulidwe, anakaukumba ndi kuuyenga pofuna ndalama ya msonkho, ndipo lero ng'anjo itazima akukhala nawo m'nyumba, uli m'batire la sola.

Nthawi ya gogodela

Achewa akale anali ndi amisiri a chitsulo. Ankayenga miyala m'ng'anjo zadothi, ndipo osula ankatulutsa makasu, nkhwangwa, mikondo ndi mivi. Mkuwa unkabwera ndi amalonda ochokera kumpoto, makamaka Abisa. Mtovu unafika mochedwa, potsagana ndi mfuti. M'zaka za m'ma 1700 Apwitikizi a ku Tete anayamba kukumba golide m'dziko la Undi kumpoto kwa Zambezi, ndipo m'ma 1800 Achikunda, asilikali ndi osaka njovu ochokera m'minda ikuluikulu ya m'chigwa cha Zambezi, anafalikira mpaka ku Luangwa atanyamula mfuti zothirira wonga kukamwa.

Mfuti imeneyi ndiyo gogodela. Mlenje amaiimika, kamwa kuloza kumwamba, n'kuthiramo wonga woyezera pachikhatho. Amaikamo kansanza kapena luzi lofewa, n'kutsendera ndi ndodo yachitsulo. Kenako amaponyamo chipolopolo, kansanza kena pamwamba, n'kugogodanso mpaka zonse zitakhala. Akawomba kamodzi ntchito yonseyi imayambiranso, njati yovulala ili pomwepo. Kuwomba koyambako ndiye kunali moyo wa mlenje, ndipo mtundu wa chipolopolo unali nkhani yaikulu. Popeza mtovu unali wosowa, osula ankadula tizidutswa ta chitsulo n'kutisula kuti tilowe mumfuti. Koma chipolopolo chachitsulo n'chopepukirapo, mphamvu yake imatha msanga, ndipo chimakanda m'kati mwa mfuti. Cha mtovu chimakhala bwino m'mpope wa mfuti, chimanyamula mphamvu mpaka patali, ndipo chikagunda chimaphwatalala. Wosenda nyama akachipeza ankachisunga kuti chikagwirenso ntchito.

Gwero la wonga ndi mtovu linali kunyanja yamchere, ndipo amene ankalamulira njira ya kumeneko ankalamuliranso nkhondo. Mu 1890 maiko a ku Ulaya anagwirizana ku Brussels kuti m'chigawo chachikulu cha Africa anthu akuda asagulitsidwe mfuti zamakono ndi zipolopolo zake, kupatula mfuti zachikale ndi wonga wamba. Chifukwa chimene anapereka chinali kuthetsa malonda a akapolo. Zipatso za panganolo zinaoneka mu Januwale 1898, pamene asilikali a Angerezi ochokera ku Nyasaland anathira nkhondo Angoni a Mpezeni pafupi ndi pamene pali Chipata lero. Mikondo, zishango ndi gogodela zochepa zinakumana ndi mfuti za Maxim zolavula zipolopolo mazana pamphindi imodzi. M'masiku owerengeka nkhondo inatha, Nsingo mwana wa Mpezeni anagwidwa n'kuwomberedwa mu Febuluwale, ndipo ng'ombe zambirimbiri zinalandidwa. Posakhalitsa kunabwera msonkho wa nyumba, wolipira ndi ndalama imene kumudzi kunalibe.

Timapiri ta Broken Hill

Mu 1902 katswiri wa migodi T. G. Davey anapeza miyala ya mtovu ndi zinki m'timapiri tina m'dziko la anthu olankhula Chilenje. Anatcha malowo Broken Hill, potengera mgodi wotchuka wa ku Australia wokhala ndi miyala yofanana. Eni dera ankawatcha Kabwe ka Mukuba, dzina losonyeza kuti ankadziwa kale za miyala yoyenga ya pamenepo, ndipo dzina la Kabwe ndilo linabwezeretsedwa dziko litalandira ufulu. Kampani ya Rhodesia Broken Hill Development Company inakhazikitsidwa mu 1904, ndipo njanji yochokera ku Livingstone inafika mu 1906, zaka zoposa makumi awiri migodi ikuluikulu ya mkuwa ya ku Copperbelt isanayambe kutulutsa chuma chake.

Zaka zoyamba zinali zokhumudwitsa. M'miyala yapamwamba mtovu ndi zinki zinali zosakanikirana mwa njira yovuta kulekanitsa, ndipo ndalama yonyamulira miyala yosayenga mpaka kudoko inkadya phindu lonse. Chimene chinadzutsa mgodi ndi nkhondo yoyamba ya dziko lonse ya 1914 mpaka 1918. Chipolopolo cha msilikali wa Chingerezi chinali ndi mtima wa mtovu m'kati mwa chikuto cholimba, ndipo mabomba a mizinga ankadzazidwa timipira ta mtovu mazanamazana. Mtengo unakwera, ndipo m'zaka za nkhondoyo ng'anjo zoyamba zoyengera mtovu zinayaka ku Broken Hill. Panthawi yomweyo katundu wa asilikali olimbana ndi Majeremani kumalire a kumpoto ankatsitsidwa m'sitima m'chigawo chomwecho cha njanji, n'kupitirira pamitu ya amtengatenga zikwizikwi otengedwa m'midzi ya Northern Rhodesia. Ambiri anafa ndi njala ndi matenda. Dziko limodzi lomweli linapereka mtovu wa chipolopolo ndi mutu wosenza bokosi lake.

Mumgodi momwemu, pa 17 Juni 1921, wogwira ntchito wa ku Switzerland Tom Zwigelaar ndi anzake akuda anafukula chigaza cha munthu wakalekale, chimene mpaka lero chili ku Natural History Museum ku London ngakhale boma la Zambia lakhala likuchiitanitsa.

Amuna a kum'mawa anayamba kupita kunjanji pansi, ulendo wa masabata, kuwoloka Luangwa pabwato kufikira pamene mlatho woyamba unamangidwa mu 1932. Ambiri ankalowera ku Southern Rhodesia, koma Broken Hill inakokanso Achewa, Ansenga, Angoni ndi anthu a ku Nyasaland, amene ena mwa iwo, chifukwa cha sukulu za mishoni, ankalembedwa ukalaliki ndi ukapitawo. Pamene Undi ankasamuka ku Mano, mbali ya Mozambique, kubwera ku Northern Rhodesia m'zaka za m'ma 1930, anapeza midzi yambiri ya anthu ake ili ndi akazi, ana ndi nkhalamba, amuna ali kuntchito. Godfrey Wilson, amene anachita kafukufuku ku Broken Hill kumapeto kwa zaka zomwezo, anaona kuti antchito ambiri sanalinso alendo a miyezi yochepa. Anali atakhazikika ndi mabanja awo, ena pa minda ya maekala asanu imene kampani inkagawa kuti anthu azidzilimira chakudya. Kumudzi oterewa ankatchedwa matchona. Kukhazikika kumeneku kunatanthauza kuti ana ankabadwira ndi kukulira pafupi ndi chumuni, ndipo ndiwo zamasamba zinkamera pa dothi limene utsi unkagwerapo.

Madzi, magetsi ndi malasha

Mbiri ya Kabwe singamveke popanda kuona zimene ng'anjo inkadya. Miyala ya mtovu ya kumeneko ili m'kati mwa thanthwe la mtundu wa laimu, lodzaza mapanga ndi ming'alu yosunga madzi. Maenje apamwamba atazama pang'ono anakumana ndi madzi, ndipo kuyambira pamenepo mgodi unakhala wodalira mapampu usana ndi usiku. Tani iliyonse ya mwala inkatuluka pamodzi ndi matani ambiri a madzi, ndipo mgodi ukamazama ndalama yopopera inkakwera. Zinki nayo inkafuna magetsi ochuluka: kuilekanitsa ndi mphamvu ya magetsi kumadya mayunitsi oposa 3,000 pa tani imodzi.

Yankho linali mtsinje wa Mulungushi. Kampani inamanga damu ndi malo opangira magetsi amene Prince of Wales anatsegulira mu 1925, amodzi mwa malo oyambirira a mtundu wotere m'chigawo chino cha Africa. Chaka chomwecho gulu la makampani la Anglo American, la Ernest Oppenheimer wa ku Johannesburg, linalowa mu umwini ndi upangiri wa mgodi. Fakitale ya zinki inayamba mu 1928. M'zaka za m'ma 1940 anawonjezera magetsi a pamtsinje wa Lunsemfwa, ndipo nkhondo yachiwiri itatha mgodi unayamba kutulutsa miyala yakuya yokhala ndi sulufule. Magetsi otchipa a m'madzi ndiwo anasunga Broken Hill pamene migodi ina yotere ikanafa.

Mu 1962 kunayaka ng'anjo ya mtundu wa Imperial Smelting, luso lopangidwa ku Avonmouth ku England loyenga mtovu ndi zinki nthawi imodzi. Miyala yopera inkayamba yawotchedwa kuti sulufule achoke ndi kuti igwirane m'zibuma. Zibumazo zinkathiridwa m'ng'anjo kuchokera pamwamba pamodzi ndi coke, amene ndi malasha a mumgodi owotcheratu kuti atsale olimba ndi oyaka kwambiri, ndipo mphepo yotentha inkapemereredwa kuchokera pansi. Mtovu, pokhala wolemera, unkatsikira pansi n'kutulutsidwa uli madzi. Zinki, imene imawira pa madigiri 907, inkakwera ngati nthunzi n'kulowa m'chipinda mmene makina ankawaza mtovu wosungunuka ngati mvula. Madontho a mtovuwo ankagwira zinki, ndipo zikazizirako zinki inkayandama pamwamba n'kuyengulidwa. Linali luso lenileni, koma la njala yaikulu ya coke, ndiponso pa sitepe iliyonse panali potulukira fumbi ndi nthunzi ya mtovu.

Malasha ndi coke za migodi ya Northern Rhodesia zinkachokera ku Wankie, komwe lero ndi Hwange, kutsidya kwa Zambezi. Pa 11 Novembala 1965 boma la Ian Smith linalengeza ufulu wake mopanda chilolezo cha Britain, ndipo Zambia, itangotha chaka chimodzi ikudzilamulira, inapezeka kuti mafuta, malasha ndi njira yake ya kudoko zili m'manja mwa mdani. Boma linatsegula migodi ya malasha m'chigwa cha Gwembe, ku Nkandabbwe kenako ku Maamba, n'kumanga paipi ya mafuta ya Tazama yochokera ku Dar es Salaam, yomwe inatha mu 1968. Mu Januwale 1973 malire ndi Rhodesia anatsekedwa, kumapeto kwa chaka chomwecho mtengo wa mafuta padziko lonse unakwera kangapo, ndipo mu 1975 mtengo wa mkuwa, umene unkabweretsa ndalama zakunja, unagwa. Boma linali litatenga magawo 51 pa 100 a migodi kuyambira 1970, udindo wa Anglo American pa kayendetsedwe ka mgodi unatha mu 1974, ndipo mu 1982 migodi yonse inaphatikizidwa pansi pa ZCCM. Kampani ya bomayi inalandira mgodi wokalamba panthawi imene chilichonse chogula kunja, kuyambira coke mpaka zipangizo zosinthira pa makina, chinali chodula ndi chosowa. Makina akawonongeka, oyamba kukonzedwa anali otulutsa chitsulo chogulitsa. Ogwira fumbi ankadikira.

Utsi ndi lamulo

Kuti mtovu ndi poizoni zinkadziwika Broken Hill isanatsegulidwe. Madokotala a ku Australia anali atalemba kale m'zaka za m'ma 1890 za ana odwala ndi mtovu. Koma malamulo a migodi a nthawi ya atsamunda ankayang'ana za ngozi za pantchito, osati za mpweya wopumidwa ndi mayi ndi mwana kukomboni. Panalinso lamulo loteteza eni migodi kuti asazengedwe mlandu wa zowonongeka ndi utsi m'madera amene boma lalengeza, makamaka ku Copperbelt.

Mphepo ya ku Kabwe nthawi zambiri imachokera kum'mawa, ndipo komboni ya Kasanda inali kumadzulo kwa ng'anjo, kumene utsi unkalowera. M'chilimwe fumbi la pa milu ya zotsalira linkauluka n'kugwera padenga, pabwalo, pa ufa woyanika pamphasa. Mwana wokwawa amaika dzanja m'dothi, dzanjalo n'kupita kukamwa, ndipo matumbo a mwana amayamwa mtovu wochuluka kangapo kuposa a wamkulu. Zizindikiro zake zimasokoneza: kupweteka m'mimba, kusowa chilakolako cha chakudya, kuchepa magazi, kuchedwa kuyankhula, kusagwira za kusukulu, ndipo pamene wachuluka, kukomoka ndi imfa. Kholo likhoza kuganiza za malungo, za njoka zam'mimba kapena za kulodzedwa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 dokotala wa pamgodi A. R. L. Clark anayeza magazi a ana, dothi, mpweya ndi zomera, n'kusonyeza poyera kuti ana a ku Kasanda anali ndi mtovu woopsa m'magazi ndi kuti gwero lake linali ng'anjo. Ng'anjoyo inapitiriza kuyaka zaka zina makumi awiri.

Lamulo loyamba lalikulu la Zambia loteteza chilengedwe linakhazikitsidwa mu 1990, ndipo bungwe loliyendetsa, Environmental Council of Zambia, linayamba ntchito mu 1992. Malamulo oika malire a utsi wotuluka m'mafakitale anatuluka mu 1996. Pofika chaka chimenecho ng'anjo ya ku Kabwe inali itazima kale.

ZCCM inatseka mgodi mu Juni 1994. Miyala yabwino inali itachepa, yotsala inali yakuya ndi yamadzi, makina anali okutha, mitengo ya mtovu ndi zinki pamsika wa ku London inali pansi, ndipo boma latsopano la Frederick Chiluba, lomwe linali pa ndondomeko yogulitsa makampani a boma, silikanapitiriza kuthira ndalama m'dzenje losabweza. M'zaka pafupifupi 90 mgodiwu unatulutsa matani a mtovu okwana ngati 800,000 ndi a zinki okwana ngati 1.8 miliyoni, kuwonjezapo siliva, vanadium ndi cadmium. Mfundo yofunika kuigwira ndi yakuti ku Zambia lamulo la chilengedwe silinaphe ng'anjo. Inakhala moyo wake wonse popanda lamulo loigwira dzanja, ndipo inafa ndi kutha kwa mwala, kudula kwa mphamvu ndi kugwa kwa mitengo. Madamu a Mulungushi ndi Lunsemfwa anapulumuka, ndipo akupangabe magetsi pansi pa kampani ina.

Chimene chinatsala ndi mulu wa zotsalira wa matani mamiliyoni, umene anthu amautcha Black Mountain, ndi ngalande yodutsa pafupi ndi komboni ya Chowa, imene mvula ikachuluka imasefukira m'makomo. Anthu ochotsedwa ntchito ndi ana awo anayamba kukumba muluwo ndi mapiki ndi mafosholo, kutola miyala ndi zidutswa zogulitsa. Mu 2006, 2007 ndi 2013 bungwe la Blacksmith Institute linaika Kabwe pa mndandanda wa malo khumi oipitsidwa kwambiri padziko. Kafukufuku wotsogozedwa ndi John Yabe wa ku University of Zambia pamodzi ndi akatswiri a ku Hokkaido University, wofalitsidwa mu 2015, anayeza ana 246 a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu. Onse anapyola ma microgram 5 pa desilita ya magazi, mlingo umene madokotala amati pafunika kuchitapo kanthu, ndipo wina anapyola 400. World Bank inathandiza ntchito yoyeretsa kuyambira 2003 mpaka 2011, n'kuvomerezanso ngongole ya madola 65.6 miliyoni mu 2016 ya madera a migodi, Kabwe ali momwemo. Ana anayezedwa, ena anapatsidwa mankhwala ochotsa mtovu, mabwalo ena anakwiriridwa dothi labwino. Koma mwana wochiritsidwa akabwerera kunyumba yomweyo, mulu uli chivundukulire, mtovu umabwereranso m'magazi.

Mu Okutobala 2020 maloya a Mbuyisa Moleele ndi Leigh Day anakasuma Anglo American South Africa kukhoti lalikulu ku Johannesburg m'malo mwa ana ndi amayi pafupifupi 140,000. Odandaula akuti kampaniyi inkatsogolera za luso ndi za chipatala pamgodi kuyambira 1925 mpaka 1974, nyengo imene mtovu wambiri unayengedwa. Kampani ikukana, ikuti inali ndi magawo ochepa chabe, sinali mwini kapena woyendetsa mgodi, ndipo udindo uli kwa amene anautenga pambuyo pake. Mu Disembala 2023 khoti linakana kuti mlanduwo uzengedwe ngati wa gulu, ndipo mu Epulo 2024 odandaula analoledwa kuchita apilo.

Kumaiko ena, ndi nkhani ya zipolopolo

Kuzima kwa ng'anjo za mtovu sikunachitike ku Zambia kokha. Mu 2003 ng'anjo za mtundu wa Imperial Smelting zinatsekedwa ku Avonmouth komwe luso linabadwira, ku Noyelles-Godault ku France ndi ku Cockle Creek ku Australia. Mu 2022, mtengo wa gasi ndi magetsi utakwera ku Ulaya, fakitale yaikulu ya zinki ya ku Budel ku Netherlands inaimitsa ntchito. Kuyenga chitsulo ndi malonda a mphamvu, ndipo kumasamukira kumene mphamvu ili yotchipa. Lero China ndiyo imayenga mtovu wochuluka kuposa dziko lina lililonse.

Ku United States lamulo linachitadi mbali yake. Mu 2008 bungwe loona za chilengedwe la EPA linatsitsa kakhumi mlingo wa mtovu wololedwa mumpweya, kuchoka pa ma microgram 1.5 kufika pa 0.15 pa kiyubiki mita. Kampani ya Doe Run inaona kuti kumanganso ng'anjo yake ya ku Herculaneum, m'boma la Missouri, yoyaka kuyambira 1892, sikungabweze ndalama, ndipo inaitseka mu Disembala 2013. Imeneyi inali ng'anjo yomaliza m'dzikomo yoyenga mtovu kuchokera ku mwala. Kunabuka mphekesera yakuti boma likufuna kumana eni mfuti zipolopolo kudzera kuseri. Mphekeserayi inalibe maziko olimba. Mtovu wochuluka kwambiri wa masiku ano umapita ku mabatire, gawo la zipolopolo ndi laling'ono, ndipo opanga zipolopolo ankagula kale mtovu wosungunulidwa ku mabatire akutha. Chimene chasinthadi chipolopolo ndi malamulo ena: United States inaletsa machaka a mtovu posaka mbalame za m'madzi mu 1991, ndipo maiko a European Union anawaletsa m'madambo kuyambira Febuluwale 2023, chifukwa abakha amawameza ngati timiyala, ndipo miimba imadya tizidutswa totsalira m'nyama yowomberedwa.

Ku Zambia, mlenje wa chiphaso amagula makatiriji ochokera kunja kwa ogulitsa ovomerezeka, ndipo mtengo wake umatsata dola, osati mgodi wa ku Kabwe. Ngakhale pamene ng'anjo inali moyo, mtovu wake wambiri unkatuluka m'dziko uli mipiringidzo. Kum'mawa, mfuti ndi zipolopolo za nkhondo zinalowanso kudzera kumalire a Mozambique m'zaka za m'ma 1980, pamene nkhondo ya Renamo inkasefukira m'midzi ya m'malire. Gogodela nayo sinathe. Ikadalipo m'midzi ina, yosulidwa ndi amisiri a komweko, yoopsezera nguluwe ndi anyani m'minda kapena yosakira mozemba, ndipo machaka ake nthawi zambiri amachokera ku batire lakutha.

Batire

Mtovu wambiri umene uli ku Katete, Sinda ndi Vubwi lero uli m'mabokosi akuda apulasitiki. Batire la galimoto wamba lili ndi makilogalamu pafupifupi khumi a mtovu, womizidwa mu asidi. Limaliza injini za minibasi, lole ndi njinga yamoto. Kumidzi kumene nthambo za Zesco sizinafike limagona pansi pa tebulo, lolumikizidwa ku sola ya padenga, likuyatsa babu, wailesi ndi makina ometera, n'kumatchaja mafoni a mudzi wonse. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 Febuluwale, chinaphwetsa madzi a ku Kariba moti magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo a m'tauni nawonso anathamangira ku sola ndi mabatire. Batire la mtovu likamatsitsidwa mphamvu mpaka kutheratu tsiku ndi tsiku, kutentha kuli pamwamba, silikhalitsa.

Likafa limakhalabe ndi mtengo. Ogula zitsulo zakutha amaliyeza pasikelo n'kulikweza lole yopita kumafakitale obwezeretsa mtovu, m'dziko muno kapena kunja. Ena salidikira loleyo. Batire limang'ambidwa ndi chikwanje, asidi n'kutayidwa pansi, timapale ta m'kati n'kuikidwa m'chitini pa mbaula. Mtovu ukasungunuka, nsenga zotuwa zoyandama pamwamba zimayengulidwa n'kutayidwa kudzala, ndipo woyera umathiridwa m'kadzenje ka m'dothi kapena m'chikombole, kukhala zolemeretsa ukonde, machaka a gogodela, mitu ya mabatire okonzedwanso kapena chibuma chogulitsa. Ufa wa pa timapale tija, umene uli gawo lalikulu la mtovu wa m'batire, susungunuka pa moto wa mbaula. Umatsala pabwalo, nkhuku zikupalasa, ana akukwawa. Kuopsa kwa ntchitoyi kunaonekera ku Thiaroye-sur-Mer, pafupi ndi Dakar ku Senegal, kumene ana 18 anamwalira pakati pa 2007 ndi 2008, ndi ku Owino Uhuru ku Mombasa, kumene fakitale yosungunula mabatire inadwalitsa anthu mpaka inatsekedwa mu 2014, pambuyo pa kulimbikira kwa Phyllis Omido ndi anthu a m'deralo.

Pa pepala Zambia ili ndi zida zokwanira. Lamulo la Environmental Management Act la 2011 linakhazikitsa bungwe la ZEMA m'malo mwa Environmental Council of Zambia, mabatire akutha amawerengedwa m'gulu la zinyalala zoopsa zofuna chiphaso pozisonkhanitsa, kuzinyamula ndi kuzisungunula, ndipo dzikoli lili m'pangano la Basel la 1989 loyang'anira kuwolotsa zinyalala zotere pamalire. Koma lamulo lolembedwa poganizira chumuni chimodzi chachitali limavutika kupeza mbaula zambirimbiri zobalalika m'misika ndi m'midzi, kuchokera pamsewu wa Great East mpaka kumalire a Chanida. Kuyeza mtovu m'magazi si ntchito ya tsiku ndi tsiku m'zipatala zazing'ono za kumidzi, kotero mwana wa ku Sinda kapena ku Vubwi wodwala nawo amalembedwa kawirikawiri kuti ali ndi vuto la kuchepa magazi, n'kupatsidwa mankhwala owonjezera magazi, n'kubwerera kubwalo lomwe lija.